Lovage, katsamba konunkhira ngati ma cube: kaphikidwe kake ndi pomwe muyenera kusamala

Amene muli kuno ku UK ndipo mumagwira ntchito ndi anzathu a ku Poland kapena ku Romania, mwina munamvapo kafungo kenakake nthawi yopuma akamatenthetsa supu wawo mu microwave, kafungo ngati wina waponyamo ma cube atatu pomwe mulibe cube ngakhale imodzi. Ine ndinachita kufunsa mayi wina amene timagwira naye shifiti kuti kodi amathiramo chani, iye kuseka, mawa lake kundibweretsera timasamba m'kapepala. Dzina lake pa chingerezi ndi lovage, a ku Poland amati lubczyk, a ku Romania leuștean, a ku Germany Liebstöckel kapena Maggikraut chifukwa fungo lake limafanana ndi Maggi uja wa m'botolo, ngakhale mu Maggi mwenimwenimo tsambali mulibe. Ndi pachibale ndi celery, parsley komanso karoti, masamba ake mukawaona mungati ndi celery wonenepa, obiriwira kwambiri komanso owala.

Si chomera cha dzulodzuloli ayi. Aroma akale ankathira pafupifupi m'ndiwo zilizonse, ndipo cha m'ma 800 Mfumu Charlemagne ya ku Ulaya inachiika pa mndandanda wa zomera zoyenera kudzalidwa m'minda yake. Koma zimenezo tizisiye, tiyeni kukhitchini.

Lamulo loyamba, chonde musathire ngati mukuphika mpiru kapena chisoso. Ine ndinalakwitsa pompo, ndinatapa dzanja lodzadza nkuduladula nkuponya mu nyemba zimene ndinali nditaziphika maola awiri, zotsatira zake mpoto monse munangomveka lovage yekhayekha, kowawira kukhosi ngati mankhwala a chifuwa, ana anangonyambita kamodzi nkukankha mbale. Tsambali ndi lamphamvu kuposa celery kutalitali. Poto wa anthu anayi kapena asanu, masamba awiri kapena atatu akwana, ngati ndi louma la m'paketi theka la katiyisipuni basi. Yambani pang'ono, mulawe, kuwonjezera nkosavuta koma mukathira lambiri simungalichotsenso.

Pomwe limagwira bwino kwambiri ndi mu msuzi wa nkhuku. Ikani nkhuku m'madzi ozizira, makamaka nkhuku yolimba ija imatikumbutsa ya lokolo ya kwathu, thirani anyezi wathunthu, karoti, mchere pang'ono, moto ukhale wochepa iziwira mwakachetechete. Kukatsala mphindi ngati 15 kuti muphule ndiye muponyemo kanthambi kamodzi ka lovage ndi masamba ake omwe, pophula mukavuule. Umu ndi mmene ambiri a ku Poland amachitira ndi supu wawo wa nkhuku amene amamutcha rosół, wa Lamlungu masana. A ku Romania iwo amaduladula masamba nkuwaza pamwamba pa ciorbă, supu wawo wowawasa uja, moto atazimitsa kale kenako kuvundikira kwa mphindi zingapo. Njira zonse ziwiri ndinayesa, ine yondikomera ndi yachiwiriyi chifukwa fungo silithawa.

Pa nyemba, dikirani zipse kaye, mukazinge anyezi ndi tomato wanu monga mwa nthawi zonse, lovage alowe kumapeto. Mbatata ya kachewere ndiye ndi mnzake weniweni, kaya yophika yongothira batala ndi timasamba todula bwinobwino, kaya supu wa mbatata wogaya. Mazira okazinga katsamba kamodzi kakang'ono kakwana. Mu nsomba ndinayesapo pa makerele zinayenda, koma pa usipa umene anandibweretsera kuchokera kumudzi sindinayerekeze, usipa uli ndi fungo lake kale ndipo sufuna wopikisana naye. Masamba anthete ongophuka kumene chisanu chikatha mutha kudya osaphika mu saladi, akakula amayamba kuwawa ndiye amenewo ngophikira basi.

Chomerachi sichitayidwa kanthu. Mapesi ake ndi obowoka mkati ngati phesi la tsamba la papaya, ena amamwera juwisi wa tomato ngati sitilo, koma mutha kungowadula nkuphikira limodzi ndi mafupa a ng'ombe popanga msuzi. Njere zake amathira mu buledi ndi m'zoviika mu viniga, muzu amausenda nkuphika ngati karoti. Apa pa njere samalani pogula, m'mashopu ena a amwenye mumapezeka paketi yolembedwa lovage seeds koma mkatimo muli ajwain, chomwe ndi chomera china ndipo fungo lake limapita ku thyme. Ngati mukufuna weniweni wouma pitani mu shopu ya a ku Poland mufunse lubczyk, amakhala pa shelefu ya zokometsera m'timapaketi ting'onoting'ono totchipa.

Kusunga kwake nkosavuta. Tsukani masamba, aume madzi, duladulani nkuika m'kathileyi kopangira ayisi kaja, thirani madzi pang'ono kapena mafuta ophikira nkuika mu fulizala, tsiku lophika mungotulutsa kachibuma kamodzi, ndiye cube wanu wopanga nokha ameneyo. Kuyanika kumathekanso ngati mmene timachitira mfutso, kungoti muyanike pamthunzi podutsa mphepo osati padzuwa, akauma mufikise ndi manja muike m'botolo lotseka bwino.

Tsopano za umoyo, chifukwa pa intaneti mupeza anthu akulitamanda ngati limachiza chilichonse. Chimene chimadziwika bwino nchakuti lovage, makamaka muzu wake, amakodzetsa. Ku Germany bungwe lotchedwa Commission E, limene linkaunika mankhwala a zitsamba, linavomereza muzuwu kuti uzithandiza kutsuka njira ya mkodzo pakakhala kutupa pang'ono komanso kupewa timiyala ting'onoting'ono ta mu impso, mlingo wake magalamu 4 mpaka 8 a muzu wouma patsiku, ndipo munthu azimwa madzi ambiri pambali. Mankhwala a Canephron amene amagulitsidwa m'mafamase a ku Germany ndi maiko ena muli muzu womwewu pamodzi ndi zitsamba za rosemary ndi centaury. Kuyambira kale anthu a ku Ulaya amamwanso tiyi wake m'mimba mukadzadza mpweya kapena chakudya chikakhala pamtima, ndipo kuno ku England kuli chakumwa chakalekale cha lovage chimene amasakaniza ndi brandy nthawi yozizira. Masamba ake ali ndi vitamini C komanso quercetin wambiri, koma tinene zoona, ndi timasamba tiwiri mumathira mu poto wa banja lonse tija simungawerengere kuti mwapeza mavitamini. Phindu limene ine ndaliona ndi maso ndi lakuti ma cube ndinachepetsa, mchere nawo unatsika, ndipo kwa ife amene BP imavuta m'banjamo imeneyo si nkhani yaing'ono.

Kuthira m'ndiwo ndi nkhani ina, kumwa ngati mankhwala ndi nkhani inanso. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa tiyi wa muzuyu musamwe, ana musawapatse. Amene muli ndi vuto la impso, kapena miyendo imatupa chifukwa cha mtima kapena impso, musayese olo pang'ono, zoti poti amakodzetsa ndiye aphwetsa kutupako ayi, pitani kwa dokotala. Chimodzimodzi amene mumamwa kale mapilisi okodzetsa a BP, funsani kaye. Ndipo ngati pokodza pakuwotcha, thupi latentha, msana ukupweteka cha m'mbali kapena mwaona magazi mu mkodzo, imeneyo ndi ya kwa dokotala wanu (GP) tsiku lomwelo osati ya tiyi. Amene celery amawawenga, uyunso akhoza kuwawenga poti ndi banja limodzi. Chinanso, madzi a chomerachi ali ndi zinthu zotchedwa furanocoumarins zimene zimapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndiye mukamadula mapesi tsiku lowala valani magolovesi kapena musambe m'manja mukangomaliza.

Musakathyole m'tchire kapena m'mbali mwa mtsinje chifukwa choti chikufanana, chonde. Banja lomweli lili ndi zomera zakupha ngati hemlock ndi hemlock water dropwort, ndipo zimamera mbwee kuno ku Britain, masamba ake kufanana ndi celery kapena parsley. Gulani mbande kogulitsa maluwa kapena mupemphe kwa amene anadzala.

Kudzala ndiye ngati muli ndi kadimba kuseri kapena allotment (kamunda kobwereka), tsinde limodzi lokha likukwanirani inu ndi aneba omwe, chifukwa limatalika mpaka mamita awiri ndipo limakhala zaka zambiri. Limafuna dothi lachonde losauma, thiranimo manyowa, ndipo kamthunzi pang'ono silidandaula. Liikeni kumapeto kwa bedi kuti lisaphimbe zinzake. Likayamba kutulutsa maluwa achikasu aja dulani phesilo ngati simukufuna njere, masamba akakhwima metani lonse nkuthirira, pakapita masabata ochepa liphukiranso anthete. Limakonda malo ozizira, kotentha kwambiri limavutika, ndiye amene muli kumudzi musavutike kulisaka, masamba a celery osakaniza ndi parsley amayandikirako ndithu. Nthawi ya chisanu limauma lonse mpaka pansi ngati lafa, chaka choyamba ine ndinatsala pang'ono kulima pamalopo kuti ndidzale anyezi, mwamwayi ndinachita ulesi, mu Malichi ndinangoona timphukira tofiirira tikusuzumira. Pano ndimazikapo kamtengo.