Kutsuka ndi kumata ziliza zakale ku Mulanje

Yambani mwapempha chilolezo kwa amfumu ndi abale a malemu. Kumanda salowako mwachisawawa.

Mvula ya ku Mulanje imameretsa ndere paziliza. Nyowetsani chiliza chonse ndi madzi oyera, kenaka tsukani ndi burashi yofewa kuyambira pansi kukwera m'mwamba, kuti madzi akuda asasiye mizere. Burashi yawaya imafufuta zilembo, ndipo mankhwala oyeretsera zovala amasiya mchere wofumbutsa mwala.

Pamng'alu musamatepo simenti. Ndi yolimba kuposa njerwa zakale ndipo imatsekera chinyontho m'kati, njerwazo n'kuyamba kugumuka. Sakanizani muyezo umodzi wa laimu ndi miyezo 3 ya mchenga wosefa, nyowetsani mng'aluwo, kanikiziranimo zosakanizazo, n'kuphimba ndi chiguduli chonyowa kwa sabata. Ntchitoyi imafuna chilimwe.

Kamtengo komera pachiliza dulani, osazula: mizu imatuluka ndi njerwa.