Matenda amatsenga pa chombo: awerengeni ndi dayisi

Kwa anzanga amene mumatsogolera masewera a nthano ngati Dungeons & Dragons: ulendo wa panyanja ukakhala ndi matenda amatsenga ogwira amalinyero, musamavutike kulemba papepala kuti uyu wadwala kufika pati. Zimadya nthawi, ndipo osewera amayamba kucheza zina.

Patsani wosewera aliyense dayisi ya mbali 6, aiike patsogolo pake nambala 1 ili pamwamba. M'nkhanimo kukacha, aliyense aponye d20, dayisi ya mbali 20. Walephera kufika pa nambala imene mwaika, atembenuze dayisi yake ya mbali 6 ija ipite pa nambala yotsatira.

Zizindikiro muzilemberetu pa timakadi, kamodzi pa nambala iliyonse. Mwachitsanzo matenda a mchere: pa 2 ludzu losatha, pa 3 milomo kung'ambika n'kumatuluka mchere, pa 4 zala kuyamba kulumikizana ngati za bakha, pa 5 munthu kumamva nyanja ikumuitana usiku ndi mawu a mayi ake. Pa 6 amadziponya m'madzi. Kadi mumupatse mobisa wodwalayo, asankhe yekha kuulula kapena kubisa. Apa ndi pamene nkhani imakoma, chifukwa anzake akuona dayisi ikukwera koma sakudziwa chimene chikumuchitikira.

Amalinyero ena onse a m'chombomo apatseni dayisi imodzi basi.

Mankhwala musawaike pafupi. Akhale pa chilumba chopatuka pa njira yawo, kuti azikangana ngati n'koyenera kutaya masiku atatu chifukwa cha mnzawo amene wafika pa 4.