Momwe ndinatetezera anapiye anga ku linthumbu

Mvula ikangoyamba, linthumbu limayenda usiku, ndipo mwanapiye wamasiku ochepa sangalimbane nalo. Limamulowa m'maso, m'mphuno ndi kunsi kwa timapiko. Ine linandiphera angapo m'khola lapansi, mtima unandipweteka kwambiri.

Ndinapanga bokosi lamiyendo, kuti anapiye azigona m'mwamba. Mwendo uliwonse ndinauimika m'chitini chodula pakati, n'kuthiramo oyilo wakutha wa galimoto pang'ono. Pamenepo linthumbu siliwoloka. Pamwamba pa zitinizo ndinakutira ndi waya wa sefa kuti nkhuku zina zisajomphemo. Chofunika kuyang'anira ndi udzu kapena kanthambi kokhudza bokosilo, chifukwa nyerere zikangokapeza zimakwerera pomwepo.

Madzulo ndimawaza phulusa louma kuzungulira khola. Likanyowa silithandizanso, ndiye mvula ikakata ndimawaza lina.

Nyerere zina zing'onozing'ono zimabwera chifukwa cha gaga wotayikira pansi, choncho dzuwa likamalowa ndimachotsa mbale zodyera n'kusesa. Pamene zinkatulukira, pafupi ndi dzala, ndinathirapo madzi owira. Mankhwala aufa sindiwaza pabwalo, poti anapiye amatola chilichonse.