Kusankha kamera ya pagalimoto yomwe sidzakugwiritsani mwala tsiku la ngozi

Galimoto ikagundana ndi njinga ya kabaza pa raundabauti ya m'tauni muno mu Mzuzu, anthu amadzaza pamalopo m'kanthawi kochepa, ndipo aliyense amakhala ndi nkhani yakeyake, ngakhale amene wafika zonse zitatha. Apolisi a pamsewu akabwera amayeza malo ndi kumva mbali zonse, ndipo lipoti lawo ndi lomwe a inshuwalansi amafuna asanalipire kalikonse. Apa ndi pamene kamera yomata pagalasi lakutsogolo, imene ambiri amangoti dashcam, imaima ngati mboni yanu. Koma imathandiza pokhapokha ngati inali kujambula pa mphindi imeneyo, ndipo chithunzi chake chikuonetsa nambala ya galimoto, tsiku ndi nthawi yolondola. Makamera ambiri otchipa amalephera pomwepa, mwini wake osadziwa, chifukwa kagetsi kake kamayakabe ngati zonse zili bwino. Choncho pogula musatengeke ndi manambala akuluakulu olembedwa pakatoni. Yang'anani zinthu zomwe zimachititsa kuti kamera isasiye kujambula.

Funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti: mkatimu muli batire kapena supercapacitor, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi kochepa m'malo mwa batire? Kamera iliyonse imasunga timagetsi pang'ono toti imalizire kulemba vidiyo yomaliza injini ikazima kapena waya akaduka pangozi. Zotchipa zimasunga magetsiwa m'kabatire ka lithium, ndipo kabatire kameneka sikagwirizana ndi kutentha. Ena amati ku Mzuzu nkozizira, vuto limenelo ndi la ku Nsanje. Ayi ndithu. Galimoto yotseka magalasi ikaima padzuwa mu Okutobala, pafupi ndi galasi lakutsogolo pamatha kutentha kupitirira madigiri 60, ndipo amene mumatsikira ku Nkhata Bay, ku Chiweta kapena ku Karonga mukudziwa mmene kumaotchera. Batireyo imatupa, nthawi zina mpaka kung'amba chikuto cha kamera. Isanafike potupa imayamba yafooka: tsiku ndi nthawi zimabwerera m'mbuyo mukangoliza injini, ndipo vidiyo yomaliza, yomwe ndi ya ngoziyo, imakana kutseguka. Supercapacitor imapirira kutentha ndipo imakhalitsa. Kwa munthu woyendetsa tsiku ndi tsiku, wa Sienta, wa minibasi kapena wa galimoto ya kuntchito, yopanda supercapacitor isiyeni.

Pa kuoneka bwino kwa chithunzi, kamera yolembedwa 1080p pa mafulemu (zithunzi) 30 pa sekondi ndiye poyambira, ndipo 1440p imathandiza kuwerenga nambala patali pang'ono. Chenjerani ndi zolembedwa 4K pamtengo wotsika modabwitsa. Zambiri mwa izo zimajambula chithunzi chaching'ono n'kuchifutukula, ndiye fayilo imakula koma nambala osawerengeka. Chomwe chimasiyanitsa makamera ndi sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala n'kupanga chithunzi, makamaka usiku ndi m'chifunga. Amene mumadutsa ku Chikangawa mbandakucha, kapena kuyenda m'mvula yowaza ya mwezi wa Juni, funani kamera yomwe yatchula dzina la sensa, monga Sony STARVIS, komanso yokhala ndi HDR kapena WDR. Izi zimachepetsa kuthobwa ndi magetsi a galimoto yobwera kutsogolo, ndiponso kunyezimira kwa nambala ikawalitsidwa ndi magetsi anu. Kukula kwa malo omwe kamera imaona kukhale pakati pa madigiri 130 ndi 150. Ya madigiri 170 imaona mbali zonse ndithu, koma galimoto ya patsogolo panu imaoneka yaing'ono ngati ili kutali.

Musakhulupirire kagalasi kakang'ono ka pakamerapo, chilichonse chimaoneka bwino pamenepo. Pemphani wogulitsa kuti muiyese: jambulani galimoto yoima pa mtunda wa mamita 10, kenaka ina yoyenda, tsegulani vidiyoyo pa kompyuta, muiimitse, muone ngati zilembo ndi manambala zikuwerengeka. Ngati wakana kuti muyese, ndalama yanu ibwerere m'thumba. Dziwaninso kuti nambala ya galimoto yomwe mukuphonyana nayo usiku pa liwiro la pamsewu wa M1 imavuta ngakhale pa kamera yodula. Mankhwala ake ndi kusiya maikolofoni ili yoyatsa, ndipo mukaona galimoto yochita zachilendo tchulani nambala yake mokweza kuti ilowe m'vidiyo.

Tsopano khadi, pomwe pagona nkhani yaikulu. Kamera ya pagalimoto imalemba pa memori khadi osapuma, ikadzaza imafufuta zakale n'kulembanso pomwepo. Khadi wamba wa m'foni sanapangidwire ntchito yotere. Amatha msanga, ndipo akamatha amayamba kudumpha mavidiyo ena mwakachetechete. Gulani khadi wolembedwa High Endurance, monga SanDisk High Endurance kapena Samsung PRO Endurance, wa liwiro la U3 kapena V30 ngati kamera ndi ya 1440p kupita m'mwamba. Kamera ya 1080p imadya pafupifupi 6GB mpaka 7GB pa ola, ndiye khadi wa 64GB amasunga maola 8 kapena 9 asanayambe kufufuta. Mukaika kamera ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, maolawo amatsika ndi theka, choncho 128GB ndiye woyenera. Woyenda ulendo wa ku Lilongwe n'kubwerera tsiku lomwelo awerengere bwino, chifukwa zomwe zinachitika m'mawa pa Jenda zikhoza kufufutika asanafike kunyumba. Onani kaye m'kabuku ka kamerayo kukula kwa khadi yemwe imalandira, poti zina zimathera pa 32GB kapena 64GB.

Makhadi achinyengo ndi ambiri. Amalembedwa 128GB, kompyuta imaonetsanso 128GB, koma mkati muli malo ochepa kwambiri, ndipo malo enieniwo akadzaza mafayilo amangooneka maina okha osatseguka. Pulogalamu yaulere ya H2testw pa kompyuta ya Windows imadzaza khadi yense n'kuwerenganso, ndipo wabodza amaululika. Zimatenga nthawi, koma chitani musanamuike m'galimoto. Akapambana mayesowa, muikeni m'kamera ndipo muchite format (kufufuta zonse n'kumukonza mwatsopano) kuchokera pa kamerapo, osati pa kompyuta. Muzibwereza zimenezi kamodzi pamwezi, ndipo tsiku lomwelo muzitsegula mavidiyo awiri kapena atatu kuti muone ndi maso anu kuti akujambulika.

Chinanso chomwe chimadzazitsa khadi ndi G-sensor, kachipangizo komwe kamamva kugunda n'kutseka vidiyo ya nthawiyo kuti isafufutike. Pa misewu yosalala ndi chinthu chabwino. Koma m'misewu yafumbi ya ku Mchengautuwa, Zolozolo kapena Masasa, bampu ndi dzenje lililonse kamayesa ngozi. Mavidiyo otsekedwa amachuluka mpaka khadi kusowa malo, ndipo makamera ena amangosiya kujambula. Ikani G-sensor pa Low. Loop recording, yomwe imadula vidiyo m'zidutswa, muiike pa mphindi 1 kapena 3 kuti chidutswa chimodzi chikaonongeka musataye zambiri.

Galimoto zambiri zochokera ku Japan, zolowera pa Songwe, zimabwera ndi kamera yomatidwa kale, ndipo zina ndi zabwino kuposa zomwe mungagule m'shopu. Musafulumire kuizula. Vuto lake ndi lakuti zolembedwa zimakhala m'Chijapanizi, khadi amakhala wakale kapena kulibiretu, ndipo wotchi imakhala pa nthawi ya ku Japan, yomwe ili patsogolo pa yathu ndi maola 7. Ngozi ya 6 koloko madzulo idzaoneka ngati yachitika 1 koloko usiku wa tsiku lotsatira, ndipo wina akhoza kutsutsa vidiyo yanu pa chifukwa chimenecho. Gwiritsani ntchito foni kumasulira zolembedwazo, mukonze nthawi. Pa kamera ya GPS sankhani GMT+2, yomwe ndi nthawi yathu. Zina za ku Japan sizilola kusintha, ndipo zoterozo ndi bwino kuzisintha ndi ina. Pomwe palembedwa frequency ikani 50Hz, mofanana ndi magetsi a ESCOM, kuti nyale za m'misewu ndi za pamalo omwetsera mafuta zisamaphethire m'vidiyo.

Pomata, sankhani kumbuyo kwa galasi loonera kumbuyo, chakumanzere pang'ono kuti isakutchingeni inu woyendetsa, koma pakhale pomwe mawaipa amafika. Ku Mzuzu mvula siisowa, ndipo kamera yomatidwa pamwamba kwambiri imangojambula madontho. Pukutani galasi ndi sipiriti, liume, kanikizani chomatacho kwa masekondi 30, ndipo ngati nkotheka chisiyeni usiku wonse musanapachike kamera. Zomata ndi guluu zimagwira kuposa zoyamwa galasi, zomwe zimagwedezeka m'mabampu ndi kugwa kukatentha. Lozetsani kamera moti boneti izioneka pang'ono m'munsi, ndipo msewu utenge malo ambiri kuposa thambo. Thambo likachuluka kamera imadetsa msewu. Waya adutse m'mphepete mwa denga, atsike ndi mzati wa galasi wa kumanzere, adutse kumbuyo kwa kabokosi ka patsogolo pa wokwera mpaka pa soketi. Ngati pamzatipo palembedwa SRS kapena Airbag, waya asapingase kutsogolo kwa chikwama cha mpweyacho, adutse kumbuyo kwake motsatira mawaya ena.

Gwiritsani ntchito chaja ndi waya zomwe zabwera ndi kamerayo. Imafuna mavoti 5 osasinthasintha, ndipo machaja otchipa a foni amaichititsa kuzima ndi kuyaka yokha. A malole ndi mabasi akuluakulu aone kuti chajayo yalembedwa 12V mpaka 24V.

Kujambula galimoto itaima, monga pamsika kapena pa depoti, kumafuna mawaya atatu, awiri mwa iwo olumikiza ku bokosi la mafyuzi: wina pa fyuzi yokhala ndi moto nthawi zonse, wina pa fyuzi ya ACC yomwe imayaka ndi kiyi, wachitatu pa chitsulo cha galimoto. Ntchitoyi apatseni amisiri a zamagetsi a galimoto, ndipo muwauze kuti asasende mawaya, agwiritse ntchito fuse tap, kolumikizira kolowa pamalo a fyuzi, komanso asakhudze fyuzi ya airbag kapena ya ABS. Mawayawa amakhala ndi kabokosi komwe kamadula magetsi batire ya galimoto ikatsika. Kaikeni pa 12.2V. Mukaika pa 11.8V, m'mawa wozizira wa mu Julaye mudzafuna anthu okukankhani. Ngati batire yanu ndi yotopa kale, kapena galimoto imakhala masiku osalizidwa, isiyeni njira imeneyi. Kamera yaing'ono yakuda, yobisika kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, siikopanso akuba ngati yaikulu yolendewera pakati.

Kamera ya kumbuyo ndi yofunika kwa amene mumaimaima kunyamula anthu, popeza kugundidwa kumbuyo ya kutsogolo siiona. Ndalama zikachepa, kamera imodzi yabwino ndi khadi weniweni ziposa ziwiri zosadalirika. Kumbukiraninso kuti kamera ya GPS imalemba liwiro lanu, ndipo ngati munapitirira galimoto pamzere wosadukiza pokwera Chiweta, vidiyoyo idzaonetsa zomwezo.

Ngozi ikachitika, yambani ndi anthu ovulala. Mukatero dinani batani lotseka vidiyo, zimitsani kamera, dikirani kagetsi kazime, kenaka tulutsani khadi. Kumutulutsa kamera ikujambula kumaononga fayilo yomaliza. Musayendenso ndi khadi yemweyo m'kamera, chifukwa zakale zimafufutika. Khalani ndi wina wapadera m'galimoto. Koperani mafayilo pa kompyuta kapena pafoni, kuphatikizapo chidutswa cha ngozi isanachitike ndi cha pambuyo pake, osadula kapena kusintha dzina. Potumiza pa WhatsApp sankhani kutumiza ngati document, chifukwa njira wamba imafinya vidiyo mpaka nambala kusawerengeka. Apolisi ndi a inshuwalansi apatseni kope pa flash, ndipo khadi weniweniyo musunge nokha mpaka nkhani yonse itatha.