Mmene mungapezere fano lanu n'kuligwetsa

Ndikamatsogolera phunziro la Baibulo pa nkhani ya mafano, ndimayamba n'kupempha anthu kuti aiwale kaye chosema chamtengo. Ambirife tilibe chosema m'nyumba, choncho nkhaniyi timangoimvera anzathu.

Tengani pepala ndi cholembera, mutsegule Eksodo 32. Aisraeli anapanga mwana wang'ombe wagolide uja chifukwa Mose anakhalitsa m'phiri, masiku 40, iwo n'kutopa kudikira. Ndolo anavula okha n'kupereka kwa Aroni. Tsopano kumbukirani nthawi imene munapemphera yankho osabwera. M'mawa mwake munathamangira kuti? Munaimbira ndani? Munayang'ana chiyani kuti mtima ukhale m'malo? Lembani mosadzikometsera: ndalama za kubanki, bwana wa kuntchito, amuna anu kapena akazi anu, mlaliki amene mumati pemphero lake ndiye limafika msanga.

Kenako fufuzani pakati pa zinthu zopatulika, ndipo apa m'pamene anthu amandikwinyira nkhope. Njoka yamkuwa ya pa Numeri 21 anailamula ndi Mulungu mwini, ndipo wolumidwa akaiyang'ana ankachira. Patapita zaka mazanamazana anthu anali akuifukizira zonunkhira, mpaka mfumu Hezekiya anaiphwanya (2 Mafumu 18:4). Nkhani ya pa 1 Samueli 4 ndiye imandiopsa zedi. Atagonja kwa Afilisti, akuluakulu a Israeli anatuma anthu ku Silo kukatenga likasa la chipangano, bokosi lopatulika la Mulungu, kuti liwapulumutse. Litafika anafuula mpaka nthaka inanjenjemera, koma sitikuwerenga kuti wina anagwada kufunsa Yehova. Anafa asilikali 30,000, likasa linalandidwa, Hofeni ndi Finehasi, ana a Eli, nawonso anathera pomwepo. Ndiye onani Baibulo limene mumagona nalo kumutu koma osaliwerenga, kamtanda ka pakhosi, kabotolo ka mafuta odzozera. Zitasowa lero, mungagone tulo? Ngati ayi, zilembeni pa pepala lija.

Mukatero werengani Yesaya 44 mokweza, kuyambira ndime 12 mpaka 20. Mneneriyu ankadziwa kunyogodola. Munthu wadula mtengo, mbali ina wakolezera moto, wawotcha nyama, wadya, wawotha n'kunena kuti wafundidwa. Chotsala chakecho wasema, wachigwadira, akuchipempha kuti chimulanditse. Chilichonse chimene mwalemba chifunseni chimodzimodzi: chinachokera kuti, anachipanga ndani, chingathe bwanji? Bwana amachotsedwa ntchito, ndalama imagwa mphamvu, mlaliki nayenso amadwala.

Pochotsa, musadikire kuti mulimbe mtima. Gideoni anagwetsa guwa la Baala la bambo ake usiku, ndi antchito ake khumi, chifukwa ankaopa abale ake ndi anthu a mumzindamo (Oweruza 6:27). Mantha analipo, koma kutacha guwa linali pansi. Chimene chili chithumwa chenicheni, tayani, monga Yakobo anakwirira milungu yachilendo ya a m'banja lake pansi pa mtengo ku Sekemu (Genesis 35:4). Ntchito, banja ndi ndalama simungakwirire. Zimenezi muzibwezere pamalo pake ndi zochita zooneka. Ngati ndi ndalama, poti Akolose 3:5 amati dyera ndi kupembedza mafano, perekani kwa wosowa mpaka mumve kuti mwaperekadi. Ngati ndi munthu, musanamuimbire foni yambani mwapemphera nokha. Muuzenso mnzanu mmodzi wokhulupirika zimene mwalemba, ndipo mumulole kuti azikufunsani.

Pepalalo musataye. Mudzaliwerengenso zinthu zikadzayamba kukuyenderani bwino, chifukwa Gideoni yemweyo, atagonjetsa Amidyani, anapempha ndolo zagolide za pankhondo zolemera masekeli 1,700, n'kupanga efodi (chovala chopatulika cha ansembe) n'kumuika kwawo ku Ofira. Aisraeli onse anayamba kupembedza efodiyo, ndipo anasanduka msampha kwa Gideoni ndi banja lake (Oweruza 8:27).