Funde la chivomezi likamera mchira pa kompyuta

Nthawi ina ndinkayerekezera pa kompyuta zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009. Funde lililonse linkafika likukoka timafunde tina kumbuyo ngati mchira. Ndinasangalala, n'kumati ndi dothi lofewa la m'mbali mwa nyanja likunjenjemera. Ayi ndithu, madontho a gridi yanga, ukonde wa madontho omwe kompyuta imawerengerapo mafunde, ndiwo anali otalikirana kwambiri. Vutoli limatchedwa numerical dispersion, ndipo n'loopsa chifukwa silichita phokoso: chithunzi chimatuluka chokongola koma chabodza.

Ndiye posankha mtunda wa madontho, yambani ndi liwiro lotsika kwambiri m'nthaka yanuyo, lomwe kawirikawiri ndi la mafunde a S (ogwedeza nthaka mopingasa njira yawo) m'dothi lapamwamba. Tinene kuti ndi mamita 500 pa sekondi, ndipo mukufuna kufika pa frequency ya 2 Hz (mafunde awiri pa sekondi). Gawani 500 ndi 2, mupeza kuti funde lalifupi kwambiri ndi mamita 250. Pa finite difference (njira yowerengera pofanizira madontho oyandikana) ya order 4, funde limeneli likhale ndi madontho osachepera 5, kutanthauza dontho pa mamita 50 alionse. Ya order 2 imafuna 10 kapena kuposa. Ine ndinagwa apa: ndinawerengera ndi frequency yapakati ya Ricker, funde loyambitsira chivomezi pa kompyuta, osadziwa kuti mphamvu yake imafika pa frequency yokwera kawiri ndi theka kuposa pamenepo.

Kadumphidwe ka nthawi, mpata wa pakati pa kuwerengera kumodzi ndi kotsatira, kamatsata liwiro lokwera, la mafunde a P (othamanga kuposa onse) m'thanthwe, monga mamita 6000 pa sekondi. Ili ndi lamulo la Courant, Friedrichs ndi Lewy la mu 1928. Pa staggered grid (gridi ya madontho olowana) ya 3D ya order 4, gawani 50 ndi 6000, kenako tengani pafupifupi theka lake: masekondi 0.004. Mukapitirira, manambala amafufuma mpaka kusanduka NaN, chizindikiro chakuti si nambalanso. Vuto limeneli silindidetsa nkhawa, limadziulula lokha.

Mafunde akamabwerera kuchokera m'mphepete mwa gridi, ikani PML, chigawo chomeza mafunde, m'mbali ndi pansi. Pamwamba ayi, poti nthaka yeniyeni imabwezadi mafunde.

Kenako chepetsani mtunda wa madontho ndi theka, nthawinso chimodzimodzi, muyendetsenso. Mchira ukachepa, unali wa gridi. Ukakhala momwemo, ndi wa nthaka. Koma dziwani kuti pa 3D ntchito imachuluka ka 16, choncho ine ndimayesa kaye pa kachigawo kakang'ono, makamaka masiku amene magetsi akuzimazima.