Musanasaine mgwirizano ndi kampani, londolani kumene katundu wake wachokera

Makalabu ndi makopaletivi a alimi kuno ku Zomba, kaya ku Thondwe, Jali, Mayaka kapena Domasi, amalandira makampani ofuna kugula mpunga, nandolo ndi fodya, komanso ena ogulitsa mbewu ndi mankhwala. Ambiri amabwera ndi thumba lojambulidwa tsamba lobiriwira n'kumati amasamala chilengedwe. Tsambalo si umboni. Kampani ikhoza kukhala ndi ofesi yosesedwa bwino ku Blantyre pamene nkhuni zoumitsira katundu wake zikutsika m'phiri la Zomba usiku. Phirilo ndiye gwero la Mulunguzi, Likangala ndi Domasi, ndipo madzi a mitsinjeyi amakathera m'nyanja ya Chilwa, yomwe inaphwa mu 1995. Choncho poyeza kampani, yezani njira yonse imene katundu wadutsa, kuchokera kumunda mpaka pa shelefu.

Sankhani anthu atatu a mu komiti, ndipo pasalephere kukhala mayi, chifukwa amene amatola nkhuni ndi kutunga madzi ndiye amaona msanga pamene zinthu zasintha. Ntchito yawo yoyamba ndi kupempha kampani kuti ilembe maina a onse amene amaiperekera katundu: nkhuni, makala, matabwa, matumba, mankhwala. Ikangoti "timagula kwa mavenda" osadziwa kumene mavendawo amapikula, dziwani kuti kampaniyo siidziwa zimene zikuchitika m'dzina lake.

Pa nkhuni m'pofunika kuchedwapo, poti ndi pamene chinyengo chimachuluka. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, silola kuotcha makala ogulitsa popanda laisensi. Pemphani kuona laisensiyo ndi malisiti a ku dipatimenti ya nkhalango, ndipo muone ngati masiku ndi kuchuluka kwa mitengo zikugwirizana ndi mulu womwe uli pabwalo. Lisiti imodzi ya chaka chatha singaimire malole khumi. Kenako pitani kuseri kwa mulu, osati kutsogolo kokha. Bulugama ndi paini amakhala owongoka, pamene mombo, tsamba, muwanga ndi msuku amakhala okhotakhota. Ochenjera amayala bulugama pamwamba, mitengo yachilengedwe n'kuibisa pakati. Kwa ogula fodya, funsaninso za milimo ndi mafoloko a zigafa: kodi amathandiza alimi kudzala zigafa zamoyo, zomwe mizati yake ndi mitengo yomera pomwepo, kapena chaka chilichonse mlimi amakadula kumene akudziwa yekha?

Kampani ikamanyadira kuti inagawa mbande zambirimbiri, musaombe m'manja msanga. Mbande yogawidwa mu Januwale si mtengo. Pitani pamalopo mu Okutobala, dzuwa, mbuzi, chiswe ndi moto wolusa zitachita zake. Yendani motsata mzere, werengani maenje 100, mulembe kuti ndi angati ali ndi mtengo wamoyo. Bwerezani m'malo atatu otalikirana. Ngati opulumuka sakufika theka, panalibe wopalira kapena wolambula njira zotchinga moto, ndipo ndalama zinathera pa mwambo wa tsiku lodzala.

Kwa ogulitsa mankhwala, botolo lililonse likhale lovomerezeka ndi bungwe la boma loona za mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board, lokhala ndi malangizo owerengeka komanso tsiku lothera mphamvu. Mankhwala othiridwa m'mabotolo a zakumwa musalandire. Funso lenileni ndi lakuti botolo likatha limapita kuti. Kampani yabwino imaphunzitsa kutsuka katatu: kuthira madzi mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi a botolo, kutseka, kukhutchumula kwa theka la mphindi, kuthira madziwo mu sipuleya, kubwereza kufikira katatu, ndiyeno kuboola botolo. Ikatero iyenera kunena malo ndi tsiku lotolera mabotolowo. Popanda dongosololi, mabotolo amathera kukhitchini kusungira mchere ndi mafuta ophikira, kapena m'ngalande za sikimu ya mpunga. Zimenezi zimatimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa amene amayamba kudwala ndi ana. Majumbo opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) ndi oletsedwa m'dziko muno, ndiye wolongedza katundu m'majumbo oterowo wagwa kale.

Ngati kampani ili ndi fakitale kapena chigayo pafupi ndi mtsinje, tengani mabotolo awiri oyera. Tungani madzi kumtunda kwa paipi yotaya madzi, ena kumunsi, ndipo muwasiye usiku wonse. Yerekezani mtundu, fungo ndi matope okhazikika pansi. Chitani izi m'chilimwe mtsinje utachepa, pakuti madzi a dzinja amabisa zambiri. Kuyeza kumeneku sikuonetsa mankhwala osaoneka ndi maso, koma kusiyana kukakhala koonekeratu, muli ndi chifukwa chokadziwitsa mkulu woona zachilengedwe ku khonsolo kapena bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017.

Zizindikiro za pa paketi muziziwerenga modekha. Cha MBS, bungwe la boma loona za miyezo ya katundu, chimanena za ubwino wa katunduyo, osati za nkhalango. Satifiketi ya ISO 14001 imasonyeza kuti pamalo otchulidwapo pali dongosolo losamalira chilengedwe, ndiye onani dzina la malowo ndi tsiku lothera ntchito.

Popatsa kampani malikisi, nkhani iliyonse mwa zimenezi ipatseni 0 ngati pali mawu okha, 1 ngati pali pepala, 2 ngati pali pepala ndipo mwadzionera nokha. Koma nkhuni zakuba kapena mankhwala osavomerezeka zimagwetsa kampani ngakhale itakhoza zina zonse. Kumene makomiti ambiri amaterereka ndi pa ulendo: akamanyamulidwa pa galimoto ya kampani, pa tsiku losankhidwa ndi kampani, n'kulandiranso alawansi, amangoona zimene akonzeredwa. Gwiritsani ntchito ndalama za kalabu, kabaza akwanira, ndipo ulendo umodzi ukhale wadzidzidzi. Zimene kampani yalonjeza zilembedwe mu mgwirizano pamodzi ndi mwezi wodzayenderanso, ndipo kope limodzi likhale kwa mlangizi wa dera lanu.